Mapu akuti muli pafupi koma mapaketi sakufika: kufufuza vutoli pa netiweki ya ad hoc

Zipangizo zanu zikulumikizana zokhazokha popanda nsanja ya kampani ya mafoni pakati, kaya ndi ma router aang'ono omangirira pa galimoto, ma drone, kapena ma node (zipangizo zoyerekezera) a mu simulator. Chilichonse chili ndi GPS ndipo chimauza anzake pamene chili. Tebulo la oyandikana nawo likuonetsa kuti B ali pa mamita 180 kuchokera kwa A, malire amene munaika ndi mamita 250, njira yapezeka, koma mukayamba kutumiza deta mapaketi akuthera panjira. Zipangizo zikaima zinthu zimakhalako bwino. Zikangoyamba kuyenda, njira imaduka n'kumangidwanso, kuduka n'kumangidwanso, mpaka netiweki yonse imadzaza ndi mauthenga ofunafuna njira.

Ambiri akafika apa amathamangira kukweza mphamvu ya wayilesi kapena kusintha protocol. Ine ndimati dikirani kaye. Nambala ya 180 ija yadutsa m'manja ambiri isanafike pa sikirini yanu. Muyenera kudziwa kumene yachokera, kuti ndi ya liti, komanso ngati ikunena chilichonse chokhudza mafunde a wayilesi pamalo amene mukugwirapo ntchitowo.

Yambani ndi tepi yoyezera

Musanakhudze wayilesi, pitani pabwalo lopanda mitengo, yezani mamita 100 ndi tepi, muike chipangizo china uku china uko, muone nambala imene pulogalamu yanu ikupereka. Chitani kawiri, koyamba mzere uloze kumpoto ndi kumwera, kachiwiri kum'mawa ndi kumadzulo. Kantchito kameneka kamagwira zolakwa zimene anthu amazisakasaka mu code ya routing osazipeza.

Mukapeza pafupifupi 60 m'malo mwa 100, vuto lili pa mmene mukuwerengera NMEA, kalembedwe ka mauthenga amene GPS imatulutsa. GPS imatulutsa malo ngati madigiri ndi maminiti olumikizana: 1358.500 akutanthauza madigiri 13 ndi maminiti 58.5, ndiye kuti madigiri 13.975. Amene wangosuntha kadontho n'kupeza 13.585 watenga ngati digiri ili ndi magawo 100, pomwe ili ndi maminiti 60. Miniti imodzi ya latitude ndi mamita pafupifupi 1,852, koma iye akuiwerengera ngati 1,110. Mtunda uliwonse ukufupika motero, ndipo chipangizo chimene chili pa mamita 300 chikuoneka ngati chili pa 180, mkati mwenimweni mwa malire.

Mzere wa kumpoto ukatuluka bwino koma wa kum'mawa n'kutalika, mwaiwala kuchulukitsa kusiyana kwa longitude ndi cosine ya latitude. Digiri ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111 paliponse, koma ya longitude imafupika mukamatalikira equator. Ku Lilongwe, pa madigiri pafupifupi 14, cholakwachi ndi 3 peresenti yokha ndipo chimabisala bwinobwino. Code yomweyo ku Johannesburg imaphonya ndi 11 peresenti, ndipo ku London mamita 100 amasanduka 160. Gwiritsani ntchito fomula ya haversine, kapena sinthani malo onse akhale mu UTM, njira yolembera malo imene imagawa dziko lapansi m'ma zone, kuti muziwerengera m'mamita. Dziko lonse la Malawi lili mu zone 36, ndiye simudandaula zodumpha malire a zone.

Ngati pali ma node okhazikika amene malo ake munawakopera pa mapu akale, onani datum (maziko oyezera malo) yolembedwa m'mphepete mwa mapuwo. Mapu ambiri akale a m'chigawo chino cha Africa ali pa Arc 1950, pomwe GPS imayankhula WGS84, ndipo kusiyana kwake kumaposa mamita 100.

Kugwedera kwa GPS yeniyeniyo kusakudyereni nthawi. Pamtetete imaphonya ndi mamita asanu kapena apo, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi 250. Choopsa ndi GPS imene yataya ma setilaiti pansi pa denga la malata kapena pakati pa nyumba zitalizitali, pulogalamu n'kupitiriza kulengeza malo omaliza ngati kuti ndi atsopano. Onani mizere ya NMEA yotchedwa GGA ndi RMC: nambala ya fix pa GGA ikakhala 0, kapena RMC ikaonetsa V m'malo mwa A, malowo musawatumize kwa anzanu. Kwa ma drone kumbukirani kuwerengera ndi kutalika komwe, podziwa kuti GPS imaphonya kwambiri pa kutalika kusiyana ndi pa malo apansi.

Malo amene muli nawowo ndi a liti?

A sadziwa pamene B ali. Amadziwa pamene B anali pa nthawi imene anatumiza uthenga wake womaliza wa hello, wodziwitsa anzake kuti alipo. Pa GPSR, protocol yosankha njira potengera malo, imene Brad Karp ndi H. T. Kung anaifotokoza mu 2000, mnzako amakhalabe m'tebulo mpaka patadutsa nthawi yokwana 4.5 kuchulukitsa ndi mpata wa pakati pa ma beacon, omwe ndi ma hello a GPSR. Ma beacon akamabwera pa masekondi 1.5 alionse, ndiye kuti B angathe kukhala m'tebulo masekondi 6.75 asanamvekenso. Galimoto yothamanga makilomita 72 pa ola imayenda mamita 20 pa sekondi, choncho pa nthawi imeneyo yapita mamita 135. Amene analembedwa pa 180 ali pa 315 tsopano, ndipo ngati A nayenso akuyenda cholowera kwina, mpatawo ndi wokulirapo. OLSR, protocol ina yopezera njira, ili ndi vuto lomweli ngakhale siigwiritsa ntchito GPS: malinga ndi RFC 3626, chikalata choifotokoza, hello amatumizidwa pa masekondi 2 alionse ndipo mnzako amasungidwa masekondi 6.

Kuti mutsimikize kuti vuto ndi limeneli, lembani mu log zaka za malo a mnzanu, ndikutanthauza masekondi amene apita chilandirireni hello wake, pa paketi iliyonse imene yalephera. Zolephera zikaunjikana pa malo akale, mwaligwira. Mankhwala ake ndi angapo ndipo amayendera limodzi. Mu hello muikemo liwiro ndi kolowera, zomwe RMC imapereka kale, kuti wolandira aziyerekeza pamene mnzake wafika. Posankha wopatsira paketi, chotserani pa malire anu mtunda umene awirinu mungakhale mutayenda pa masekondi amenewo. Ndipo m'malo motumiza hello pa nthawi yokhazikika, chipangizo chizilengeza chikasuntha mtunda wakutiwakuti, kuti choima chisamadzaze mlengalenga pachabe pomwe chothamanga chikulankhula pafupipafupi.

Pa LAR, protocol yofunafuna njira mothandizidwa ndi malo, ya Young-Bae Ko ndi Nitin Vaidya ya mu 1998, vutoli limaoneka mwina. Wotumiza amajambula bwalo mozungulira malo omaliza a wolandira, kukula kwake kukhala liwiro kuchulukitsa ndi nthawi imene yadutsa, ndipo pempho la njira limangoyenda m'dera lophimba bwalolo. Mukaika liwiro lapakatikati pomwe wolandirayo wathamanga kuposa pamenepo, pempho silimupeza. Onetsetsani kuti ulendo woyamba ukalephera dera likukulitsidwa, mpaka kufika pofalitsa pempho pa netiweki yonse.

Chinanso chaching'ono koma chopweteka: mawotchi. Nthawi ya GPS ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 18 kuyambira mu 2017. Chipangizo china chikamadinda nthawi ya GPS, china ya UTC, malo atsopano amaoneka akale kapena akale amaoneka atsopano.

Malire a mamita 250 si bwalo lojambula ndi kampasi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Nambala ya 250 imene imapezeka m'malipoti ambiri inachokera ku simulator ya ns-2, imene inkayerekeza khadi ya Lucent WaveLAN ya 914 MHz, ma antena ali pa mamita 1.5 kuchokera pansi, pamalo athyathyathya opanda chotchinga. Sinayezedwe pa wayilesi yanu kapena pamalo anu. Mu 2003 David Kotz ndi anzake ku Dartmouth analemba mndandanda wa zinthu zimene ofufuza ankangozikhulupirira zokhudza wayilesi: kuti dziko ndi lathyathyathya, kuti siginolo imafika mofanana mbali zonse, kuti ndikakumva ndiye kuti nawenso ukundimva, kuti ndikakumva pang'ono ndiye kuti ndikukumva bwinobwino. Kunja kuno palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mungachidalire.

Tiyeni tione masamu ake. Pa 2.4 GHz siginolo imataya pafupifupi 40 dB pa mita yoyamba. Mumlengalenga mopanda kanthu, malinga ndi fomula ya Friis, mtunda ukawirikiza kawiri mumataya 6 dB ina. Pafupi ndi nthaka zimasintha, chifukwa mafunde ena amagunda pansi n'kubwerera kudzasokoneza amene abwera molunjika. Kupitirira mtunda wina wake, umene kwa ma antena a pa mamita 1.5 pa 2.4 GHz ndi pafupifupi mamita 226, kuwirikiza kulikonse kumadya 12 dB. Tsitsani ma antena onse awiri afike pa mita imodzi, malo osinthirawo abwera pa mamita 100. N'chifukwa chake chipangizo chimene chimagwira bwino chili padenga la galimoto chimafooka mukachiika pampando. Palinso dera la Fresnel, mpata wooneka ngati dzira umene mafunde amafuna pakati pa ma antena awiri. Pa mtunda wa mamita 200 pa 2.4 GHz, pakatikati pake derali limatambasuka mamita 2.5 kuchokera pa mzere wolunjika, ndipo pafupifupi 60 peresenti ya mpatawo iyenera kukhala yopanda chotchinga. Kuonana ndi maso sikokwanira. Chulu, mpanda wa njerwa kapena lole yoima pakati zimalowa m'deralo ngakhale mukuona antena ya mnzanu.

Ndiye yezani nokha. Siyani chipangizo chimodzi pamalo amodzi, china muyende nacho, muime pa mamita 10, 20, 50, 100 ndi 200. Paliponse lembani avereji ya siginolo ya mapaketi ambiri, osati imodzi. Pa Linux, iw dev wlan0 station dump imakuonetsani siginolo, liwiro limene khadi yasankha, ndi kuchuluka kwa mapaketi obwerezedwa ndi olephera. Tiyerekeze kuti mwapeza -58 dBm pa mamita 10 ndi -91 dBm pa mamita 100. Kusiyana ndi 33 dB pa mtunda wowirikiza kakhumi, ndiye kuti exponent ya malo anu, nambala yoonetsa mmene siginolo imafookera ndi mtunda, ndi 3.3, osati 2 ya mumlengalenga. Bwerezani mbali zina, chimodzi cholowera kumitengo, china cholowera kunyumba. Ndipo samalani ndi nyengo: zimene mwayeza mu Okutobala m'munda muli mbee sizidzagwiranso mu Febuluwale chimanga chitatalika kuposa munthu, masamba ali chinyezi. Ngakhale thupi la wonyamula chipangizoyo limatchinga, moti kungotembenuka kumasintha nambala.

Mukayeza mudzaona kuti pa mtunda womwewo siginolo imasiyana malo ndi malo, kawirikawiri ndi ma dB angapo mpaka kupitirira 10. Tengani kusiyana kwa 8 dB ndi exponent ya 3. Ngati pa mamita 250 ndi pamene theka la malo limalandira, kuti malo 95 pa 100 alionse azilandira muyenera kusiya mpata wa 13 dB, ndipo malire anu odalirika agwa kufika pafupifupi mamita 90. Masamu omwewa ndi amene amandichititsa kukana anthu akafuna kuyeza mtunda ndi RSSI (mphamvu ya siginolo yolandiridwa) yokha: kuphonya ndi 8 dB kumatanthauza kuti amene mukuti ali pa mamita 100 angakhale pa 54 kapena pa 185.

Tsopano funso limene limazunguza anthu: ngati B ali kunja kwa malire odalirika, walowa bwanji m'tebulo? Henrik Lundgren, Erik Nordström ndi Christian Tschudin anafotokoza zimenezi mu 2002 atayesa protocol ya AODV pa makadi enieni a 802.11b ku Uppsala, ndipo maderawa anawatcha gray zones. Hello ndi kauthenga kakang'ono, kamaulutsidwa kwa onse pa liwiro lotsikitsitsa la 1 kapena 2 Mbps, ndipo sikadikira yankho. Deta ndi paketi yaikulu, imafuna kuyenda pa liwiro lokwera mpaka 11 Mbps, ndipo imafuna ACK, yankho lotsimikiza kuti yafika, ibwerere. Zili ngati kufuulira munthu kutsidya kwa dambo: dzina lake alimva ndithu n'kukweza mkono, koma yesani kumuuza nambala ya foni, manambala ena atayika m'mphepo. Choncho pali lamba lonse m'mphepete mwa malire mmene hello amafika koma deta siifika.

Choipa kwambiri n'chakuti njira zosankha potengera malo zimakonda lamba lomweli. GPSR imapatsira paketi kwa mnzako amene ali pafupi kwambiri ndi kumene paketiyo ikupita, ndipo ameneyo nthawi zambiri ndi amene ali kutali kwambiri ndi iwe, amene siginolo yake ndi yofooka kuposa onse. Protocol ikuchita ndendende zimene inauzidwa, ndipo zimenezo n'zimene zikutayitsa mapaketi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tumizani ping wamba kwa B, kenako ping -s 1400. Yaing'ono ikamadutsa yaikulu n'kumatayika, muli mu gray zone. Pokonza, kwezani liwiro la mauthenga oulutsidwa kwa onse lifanane ndi la deta. Pa OpenWrt, Linux ya m'ma router, ndi mcast_rate, ndipo iw ili ndi mcast-rate polowa mu IBSS, dzina la ad hoc pa WiFi. Musalandire mnzanu m'tebulo chifukwa cha hello mmodzi, dikirani angapo otsatizana, siginolo yake ikhale pamwamba pa mulingo umene mwaika, ndipo mu hello wakeyo muzioneka kuti nayenso akukumvani. Koposa zonse, lekani kusankha ndi mtunda wokha. ETX, imene Douglas De Couto ndi anzake ku MIT anaitulutsa mu 2003, imawerengera kuti paketi itumizidwa kangati kuti idutse: 1 kugawa ndi zotsatira za kuchulukitsa gawo lofika popita ndi gawo lofika pobwera. Ulalo umene umafikitsa theka mbali iliyonse uli ndi ETX ya 4, pomwe maulalo awiri aafupi ofikitsa 95 peresenti onse pamodzi ali ndi 2.2. Pa njira zotengera malo, chulukitsani mtunda umene paketi ipite patsogolo ndi gawo la mapaketi amene mnzanuyo amalandiradi, musankhe amene wapambana pamenepo. GPS ikuuzeni mbali yolowera, koma woyenera kupatsidwa paketi azidziwika ndi zimene wayilesi yayeza.

Ngati mukuchepetsa mphamvu potengera mtunda

Kuchepetsa mphamvu potumiza kwa mnzanu wapafupi kumasunga batire ndipo kumapatsa ena mpata wolankhula. Koma mphamvuyo ikawerengedwa ndi fomula ya Friis ndi mtunda wa GPS basi, zolakwa zonse zapamwambazi zimaunjikana pamodzi, ndipo palibe mpata wotsala. Zimitsani kaye zochepetsa mphamvuzo, zipangizo zonse zitumize mofanana. Vuto likatha, mwadziwa kumene lili.

Pozibwezeretsa, mtunda ungokhala poyambira. Wolandira azibweza lipoti la siginolo imene walandira, wotumiza azitsitsa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo ACK ikasowa azikweza msanga. Yang'aniraninso maulalo a mbali imodzi: A wamphamvu akufika kwa B, koma B amene watsitsa mphamvu chifukwa cholankhula ndi wina wapafupi sakufika kwa A. Njira yotumiza RTS ndi CTS (timauthenga topempha ndi kupereka mpata wolankhula) pa mphamvu zonse koma deta pa mphamvu yochepa nayo ili ndi msampha umene Eun-Sun Jung ndi Vaidya anauonetsa mu 2002: zipangizo zakutali zimene zinangomva phokoso la RTS osamvetsa zimene ikunena zimaona ngati mlengalenga mwatseguka deta ikayamba, n'kuyamba kutumiza pamwamba pake.

Zikakhala kuti zonsezi zikuchitika mu simulator

Mu ns-3, YansWifiChannelHelper::Default() imabwera kale ndi LogDistance ya exponent 3 ndi kutaya kwa 46.68 dB pa mita yoyamba, nambala ya 5.15 GHz. Ngati mukuyerekeza 2.4 GHz, mukudzilanda pafupifupi 6.6 dB. Mukaitana AddPropagationLoss pamwamba pa Default(), model yatsopanoyo siilowa m'malo mwa yakale, imawonjezera, ndipo siginolo imadulidwa kawiri. TwoRayGround nayo imafuna kutalika kwa antena: ma node akakhala pa z ya 0 ndipo HeightAboveZ simunaisinthe, palibe paketi imene idzafike. Onaninso Frequency ya model iliyonse, chifukwa siitsatira yokha channel imene mwasankha. Kumbali ina, RangePropagationLossModel imapereka zotsatira zokongola chifukwa ndi bwalo lija la kampasi, ndipo gray zone simudzaiona mpaka tsiku lopita kumunda.

Ngati zotsatira zikusintha malinga ndi kutalika kwa nthawi imene simulation yayenda, onani random waypoint, model imene node iliyonse imasankha mwachisawawa kopita ndi liwiro. Jungkeun Yoon, Mingyan Liu ndi Brian Noble anaonetsa mu 2003 kuti liwiro lotsikitsitsa likakhala 0, ma node amakodwa pa maulendo aatali oyenda pang'onopang'ono ndipo avereji ya liwiro imangotsikiratsikira. Ikani liwiro lotsikitsitsa loposa 0 ndipo musawerengere chiyambi cha simulation. Model yomweyi imaunjika ma node pakati pa bwalo, choncho mitunda yake imakhala yaifupi kusiyana ndi ya masamu a ma node omwazikana mofanana.

Masamu amenewo ndi chida chabwino choyesera code yanu yomwaza ma node. M'bwalo la mbali zinayi zofanana, avereji ya mtunda pakati pa ma node awiri ndi 0.52 kuchulukitsa ndi mbali imodzi, ndiye kuti mamita pafupifupi 521 pa bwalo la mamita 1,000. M'bwalo lozungulira la radius R, avereji ya mtunda kuchokera pakati ndi magawo awiri mwa atatu a R. Mukapeza theka la R, mwasankha radius mwachisawawa kuchokera pa 0 mpaka R, zimene zimaunjika ma node pakati. Tengani nambala yachisawawa ya pakati pa 0 ndi 1, mupeze square root yake, muchulukitse ndi R, kenako muyendetsenso simulation ndi ma seed angapo musanayerekeze ndi zimene munayeza panja.